Nkhwangwa Yonunkha Kondowole

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti nkhwangwa ikakhala yaikulu ndi yolemera, chilichonse chimaiopa. Ndinkakhulupiriranso kuti nkhwangwa imakumbukira mitengo imene inagwetsa, moti yomwe inagwetsapo mbawa singachite manyazi pamaso pa kathabwa. Musaseke msanga. Ine ndasema mabwato kuyambira ndili ndi mano onse mpaka lero pamene otsalawo akhala motalikirana ngati abale olimbirana munda. Munthu wotere akamanena za nkhwangwa, anthu amangovomera. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, chaka chimene usipa unachuluka kuposa mawu a aphunzitsi, ndiye palibe buku limene linanditsutsapo. Chinadzanditsutsa ndi thabwa lopaka penti kuseri kwa tiyirumu ya mkamwini wanga ku Dwangwa.

Mkamwini ameneyu, mwamuna wa mwana wanga wachiwiri, anakhalako ku Joni. Anzake pobwerera amanyamula mawailesi ndi mafiriji. Iye anabwera ndi tinkhwangwa ta mipini yofiira, ndi nkhani yakuti kumeneko anthu amasamba, kutchena, n'kupita kukaponya nkhwangwa pa thabwa, wopambana n'kumuombera m'manja. Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana mwana wanga, mumtima ndinati mwanayu tamutaya.

Koma munthuyo sankaseka. Anakhoma matabwa a mtengo wa mango pa nsanamira ziwiri, najambulapo mizere yozungulira ndi penti ya boti, pakati n'kuikapo kadontho kofiira kukula kwake ngati pansi pa kapu. Pakatipo pamapatsa zigoli zisanu, mzere wotsatira zitatu, wakunja chimodzi. Mbali zonse anatchinga ndi mpanda wa bango kuti nkhwangwa yosochera isakapeze mbuzi ya eni. Malamulo anali ochepa. Woledzera saponya. Palibe wothamangira kuthabwa mnzake akadali ndi nkhwangwa m'manja. Ndipo nkhwangwa iyenera kuluma thabwa n'kukhala pomwepo. Ikagwa, ngakhale itapsompsona pakati penipeni, palibe chako. Loweruka lililonse anyamata odula nzimbe ankadzaza pamenepo, ndipo tiyi ankatha dzuwa lisanapendeke.

Ine zonsezi sizikanandikhudza pakanapanda msuweni wanga. Ameneyu ndi mwana wa amalume anga amene anakakwatira kuboma la Nkhotakota, ndiye iye anakulira kumzikiti ine ndikukulira m'bwato. Ndi telala, ndipo makina ake ali pakhonde loyang'anana ndi tiyirumu ija. Tinayamba kunyozana tisanayambe kuvala kabudula, ndipo pamaliro a amene adzayambe kupita, wotsalayo adzafika ndi chipongwe chatsopano. Ndicho chisuweni. Ndinamva kuti wagula kamodzi mwa tinkhwangwa tofiira tija, akuponya atavala mkanjo ndi mzuli, ndipo akuuza anyamata kuti wosema mabwato uja akuopa kubwera.

Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi ndi nkhwangwa yanga yaikulu, yogwetsera mitengo ya mabwato. Kondakitala anafuna kuti ilipire mpando wake.

"Asuweni," anandilonjera telala uja, "mwabwera kudzagwetsa tiyirumu ya mwana?"

"Ndabwera kudzakuonetsani kusiyana kwa nkhwangwa ndi supuni," ndinatero, ndikuloza kofiira kake.

Mkamwini wanga anayandikira mwaulemu, manja kumbuyo. "Bambo, imeneyo yalemera kwambiri. Tengani imodzi mwa zangazi muyesere."

"Apongozi, supuni zanuzo sungirani tiyi."

Anthu anasendera kutali. Ndinalavulira m'manja, ndinaikweza ndi mikono yonse ngati ndaona ng'ona pa ukonde, ndinaitaya ndi mphamvu zonse za unyamata wanga zimene ndinkaganiza kuti ndikadali nazo. Inayenda mwaulesi ngati bwato lodzaza madzi, inafika chammbuyo, khu! Chitsulo chinagwa uku, mpini uko, nkhuku zinabalalika, ndipo m'phewa mwanga munalira kanthu.

Apa ndifotokoze, poti ana a masiku ano nkhwangwa amaionera m'sitolo. Ya m'sitolo ili ndi bowo m'chitsulo, mpini ndiwo umalowa. Yathu ndi yosiyana. Bowo lili m'mutu wa mpini, ndipo chitsulo chili ndi msuka, kamchira kosongoka kamene timakawotcha pamoto n'kukalowetsa m'mutumo mpaka katulukire kuseri. Ukamadula mtengo, kutema kulikonse kumakankhira chitsulo m'kati, nkhwangwa n'kumalimbirabe. Koma ikagunda chammbuyo, msuka umakankhidwa, chitsulo n'kuguluka. Makolo athu poipanga ankaganiza za mitengo, sankaganiza za Joni.

Msuweni wanga anaseka mpaka mzuli unagwa. "Wallahi, asuweni, mbawa zija zinkagwa ndi chisoni eti?"

Munthu wanzeru akanaseka nawo n'kuitanitsa tiyi. Ine ndinati, anthu onse akumva: "Kutha kwa mwezi uno, odula nzimbe akalandira, pali mpikisano. Inu ndi ine, madala okhaokha. Ine ndiponya nkhwangwa ya kwathu kuno, inu supuni yanuyo. Tibetche."

"Kubetcha ndi haramu," anatero akukuntha mzuli. "Juga ine sindichita. Koma woluza akhoza kumusiyira mnzake nkhwangwa imene waponya, ngati mphatso. Mphatso siyoletsedwa."

"Ndavomera mphatsoyo."

Tinagwirana chanza, mkamwini wanga n'kudula pakati monga mboni. Ndinabwerera kunyanja phewa likuwawa, koma mtima uli m'malo. Chimene ndinkasowa ndi nkhwangwa basi.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli bwato lakale lobooka, limene nkhuku zimaikiramo mazira. Ndinalipendeketsa, ndinajambulapo mizere ndi khala, ndinayamba sukulu imene ndinaithawa kale ija. Akazi anga akalawira kumunda wa chinangwa, ine ndinkayamba kuponya.

Poyamba ndinapita kwa wosula zitsulo kumsika, amene amasula makasu ndi nkhwangwa kuchokera ku masipuling'i a galimoto.

"Mukufuna yodulira chiyani, madala?"

"Yoponya."

Anasiya kupukusa moto. "Mwakangana ndi ndani?"

Anandisulira ndithu, koma anaisula monga anazolowera, yonenepa masaya, yowazira nkhuni. Imeneyo ikafika pa bwato inkadumpha n'kubwerera kudzandifunsa chimene ndikufuna. Ndinaphunzira chinthu choyamba: nkhwangwa yoponya ikhale yopyapyala kukamwa. Yonenepa imang'amba, siluma. Ndinayesa kasemasema wanga wosemera m'kati mwa bwato, koma chitsulo chake n'chopingasa, chimafika modutsa mitsempha ya thabwa n'kugwa. Ndinabwereka ya mnansi wanga, ya mpini wautali ngati nkhafi. Imeneyo isanamalize kutembenuka, mchira wa mpini unali utagunda kale. Ndinabwereka kena kopepuka ka mlenje wa mbewa, kameneko kankazungulira ngati tsamba louluzika ndi mwera, sikankadziwa kokafika. Ina inali ndi mfundo pa mpini, inkandikola chala potuluka m'dzanja n'kupita kumanzere, kumene kuli khola la abakha. Abakha anasamuka okha.

Pofika apo ndinadziwa imene ndikufuna, ngakhale ndinali ndisanaione. Mpini wake ukhale wotalika kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya zala, wosalala, wopanda mfundo. Kulemera kwake kukhale kwa kampango wamng'ono, woti dzanja limodzi limunyamule osadandaula, koma lidziwe kuti lanyamula kanthu. Kulemerako kukhale kumutu, kuti mutu utsogole, mpini uzingotsatira. Ndinayendayenda m'mudzi monse ngati wofuna mbeta, ndikugwira nkhwangwa za eni, kuziyeza pamkono, kuzibweza. Anthu anayamba kubisa nkhwangwa akandiona.

Ndinaipeza pakhomo panga pomwe. Tsiku lina ndikutola mpini umene unathawira kukhitchini, ndinaona mpini wina utasuzumira mu mgolo umene akazi anga amaviikamo chinangwa cha kondowole. Amene anadutsapo pafupi ndi mgolo wa chinangwa chimene chayamba kufewa akudziwa fungo lake. Silipempha malo. Ndinatseka mphuno, ndinasolola. Inali nkhwangwa ya akazi anga, imene ndakhala ndikuiona zaka zonsezi osaiyang'ana.

Akazi anga kwawo ndi ku Dwambazi, ndipo nkhwangwayo anapatsidwa ndi mayi awo tsiku limene ankabwera kwa ine. Mipini yasinthidwa kangapo, koma chitsulo ndi chomwecho, chatha ndi kunola mpaka chatsala ngati chikhatho cha mwana, chopyapyala ngati lilime la mphaka. Amawazira nkhuni, amadulira mbewu ya chinangwa, amaphwanyira mutu wa kampango. Akamaliza amaizika chamutu mu mgolomo. Sabwereketsa. Ana awo obereka okha akaifuna amawauza kuti bweretsani nkhunizo kuno. Atauzidwa kuti asankhe pakati pa nkhwangwa imeneyo ndi ine, akhoza kuganiza kaye, koma kuganizako kungakhale kwa ulemu chabe.

Ndinaiyeza pamkono: chigongono mpaka zala, ndendende. Mpini wakuda, wosalala, pogwirira patakumbika ndi dzanja la mwini. Ndinaima, ndinaponya mosafuna n'komwe. Inatembenuka kamodzi, jwa! Inaluma bwato n'kukhala, mpini ukunjenjemera pang'ono ngati ukundiseka. Ndinaponyanso. Jwa! Ndinakhala pansi.

Nkhwangwa imeneyo ndiyo inandiphunzitsa zotsalazo. Kuponya si mphamvu. Umaikweza kuseri kwa khutu, umabweretsa mkono kutsogolo, umatsegula dzanja ngati ukuponyera mnzako chingwe cha bwato pagombe. Ukapinda dzanja kuti uithandize kuzungulira, wailakwira, imadziwa yokha. Mpini ukafika poyamba, bwerera m'mbuyo pang'ono. Mutu ukapitirira n'kugunda ndi pamwamba, sendera kutsogolo. Ukapeza pamene mapazi ako ayenera kuima, usasunthenso ngakhale akuitane amfumu. Ndipo thabwa louma ndi louma mtima, uliwaze madzi kuti lilandire mlendo.

Ndinadziwa nthawi yomweyo chimene ndikuchita. Tinapangana kuti woluza asiya nkhwangwa imene waponya. Ndikaponya iyi n'kuluza, telala uja apita nayo, ndipo ine ndidzafotokoza bwanji ku Dwambazi? Koma ndinadzifunsa kuti, ndiluza bwanji? Ndipo kumuuza mkazi zinthu zisanachitike n'kumudandaulitsa kawiri. Ndinasankha kuwachitira chifundo, sindinawauze.

Loweruka lina mpikisano usanafike ndinapita nayo ku Dwangwa kuti ikazolowere thabwa. Ndinaponya katatu, katatu konse inaluma. Anyamata anasiya tiyi. Msuweni wanga anabwera pafupi kuti aione, kenaka anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno ndi nsonga ya mkanjo.

"Asuweni, mwaifukula kumanda ati?"

"Ikununkha kupambana."

"Ikununkha kondowole! Anyamata, bwerani mudzamve. Thabwa silikulumidwa ili, likukomoka!"

Anyamata anagwa nacho chiseko. Wina anayambitsa kanyimbo ka nkhwangwa ya kondowole, ena n'kumavomera akuomba matebulo. Pokwera minibasi, mayi wina anasuntha n'kutsegula windo.

Tsono apa ndi pamene ndinachita zimene ndinachita. Ine wosema mabwato ndikudziwa bwino kuti mtengo umakonda madzi. Bwato ukalisiya pamchenga dzuwa likuswa mtengo, limang'aluka. Mpini ukamwa madzi umafufuma n'kufinya msuka, ukauma umamasuka. Akazi anga sankaizika mu mgolo chifukwa chosowa poika. Zonsezi ndinkazidziwa. Koma mphuno ikachita manyazi, mutu umapita kutchuthi. Ndinapita nayo kunyanja, ndinaikwecha ndi mchenga ndi sopo, ndinaiyanika padenga la malata.

M'mawa ndinaipeza mu mgolo. Ndinaikwechanso, ndinaiyanikanso. M'mawa mwake, mu mgolo.

"Ada," anatero akazi anga akusenda chinangwa. Akayamba kundiitana mwa kwawo choncho ndimadziwa kuti mwera wayandikira. "Nkhwangwa yanga yayamba kuyenda yokha. Dzulo ndaipeza padenga ikuwotha dzuwa."

"Mwina yatopa ndi kusamba."

"Mwina," anatero, osakweza mutu.

Nditaona kuti pakhomo pano siidzauma, ndinawauza kuti yabuntha, ndipita nayo kwa wosula akainole bwino. Anandiyang'ana nthawi yaitali, koma sanakane. Ndinakaiika padenga la tiyirumu ya mkamwini wanga, ndipo inakhala pamenepo sabata yonse yomaliza, padzuwa la Okutobala limene limaphika dzira m'thumba. Poitsitsa inali yopepuka, yoyera, yosanunkha kanthu. Ndinaipakanso timafuta tophikira kuti iwale. Ndinati tsopano telala abwere ndi mphuno yake.

Tsiku la mpikisano Dwangwa inadzaza monga imachitira anthu akalandira. Akazi anga anali kumsika wa pa Dwangwa pomwepo ndi beseni la ufa wa kondowole, ndipo ndinawerengera kuti tsiku lotere sangasiye malonda. Anyamata anapikisana kaye, kenaka mkamwini wanga, amene anali woweruza, anawaza madzi pathabwa kuchokera mu ndowa n'kulengeza kuti tsopano ndi madala, aliyense aponya kasanu.

Msuweni wanga ananunkhiza nkhwangwa yanga. "Mwaisambitsa! Mwachita bwino. Sindikanailowetsa m'nyumba mwanga ili muja."

Koyamba tonse tinaluma mzere wachiwiri. Kachiwiri iye pakati, ine pakati. Telala ameneyu ndisamunamizire, dzanja lake ndi lolowetsa ulusi pa singano, silinjenjemera. Kachitatu iye analumanso mzere wachiwiri. Ine pokweza nkhwangwa ndinamva kanthu kakuti gwede m'mutu mwa mpini. Ndinakamva ndithu, koma mkono unali utanyamuka kale. Chitsulo ndi mpini zinasiyana m'malere ngati banja lotha. Mpini unagunda thabwa, chitsulo chinakalowa mu mpanda wa bango.

Panali phokoso. Ndinatola zidutswa zanga, ndinabwezera msuka m'bowo, ndinagogoda pachitsa. Unalowa mosavuta, ndipo vuto linali lomwelo. Bowo linali litakula. Ndikagwedeza, chitsulo chinkavomera mbali zonse ngati mboni yabodza. Msuweni ankanditsogolera ndi zitatu, kuponya kutatsala kuwiri.

"Pang'onopang'ono, asuweni," anatero, "musaivulaze. Ndi yanga imeneyo."

"Alamu, mwati ndi ya yani?"

Mawuwo anachokera kumbuyo kwanga. Anthu anapatuka. Akazi anga anaima pamenepo, beseni lopanda kanthu m'khwapa, ufa uli mbuu m'mikono. Pambali pawo panali mwana wanga, mkazi wa mwini tiyirumu, akuyang'ana kumwamba ngati kuli ndege. Ndinadziwa amene anatumiza mawu kumsika. Mwana wamkazi ndi wa mayi ake, bambo amangothandiza kulera.

Mkamwini wanga ataona apongozi ake aakazi anachita zimene mkamwini woleredwa amachita: anatembenuka, ananjuta, nayang'ana mpanda. Woweruza wathu tsopano ankaweruza bango.

Msuweni wanga anavula mzuli. "Alamu, ine sindinadziwe kuti ndi yanu. Wallahi sindinadziwe. Tingozisiya, zinali zocheza."

Mtima wanga unati zikomo. Koma akazi anga anaika beseni pansi.

"Ayi, alamu. Amuna anga anagwira chanza pamaso pa anthu. Akaluza, nkhwangwa mutenga." Anandiloza ndi chala. "Koma mutenge ndi iwo omwe. Ine ndilibe powasunga."

Anyamata anakuwa. Msuweni anati iye nyumba yake ndi yaing'ono, ndipo ine ndimadya kwambiri. Ine ndinaseka nawo, koma ndi mano okha, chifukwa ndakhala nawo mayi amenewa nthawi yokwanira kudziwa pamene akuseka ndi pamene akungooneka ngati akuseka.

Anatembenukira kwa mwana wawo. "Uwafunse apongozi ngati lamulo lawo likuletsa kukonza nkhwangwa."

Mwana anafunsa mwamuna wake, amene anamva kale zonse. Iye anayankha akuyang'anabe bango: "Uwauze mayi kuti lamulo silikuletsa."

Anandilanda nkhwangwa osandiyang'ana. Anasolola chitsulo, anasuzumira m'bowo, ananunkhiza mpini, anamva mafuta ophikira, anapukusa mutu. Kenaka analuma m'mphepete mwa chitenje chawo, anang'amba kansalu, anakaviika mu ndowa ya madzi owazira thabwa, anakakulunga pa msuka mothina. Analowetsa, anagogoda chitsulo pachitsa mpaka msuka unatulukira kuseri ndi kamchira ka nsalu. Anathiranso madzi pamutu wa mpini. Anagwedeza. Zii.

"Ipirira kawiri," anatero pondipatsa. "Kachitatu sindikudziwa."

"Kawiri n'komwe ndikufuna, mayi."

"Ndaona."

Kachinayi msuweni anaponya maso a alamu ake ali pamsana pake, ndipo analuma mzere wachiwiri. Ine ndinaika mapazi pamalo anga. Mpini unali wonyowa, wozizira, monga unalili tsiku limene ndinausolola mu mgolo, ndipo dzanja langa linauzindikira. Ndinaponya chingwe kwa mnzanga pagombe. Jwa! Pakati. Anatsala akunditsogolera ndi chimodzi.

Komaliza iye anapukuta manja pa mkanjo, ananong'ona kapemphero, anaponya. Inaluma mzere wachiwiri, pafupi kwambiri ndi pofiira moti anthu ena anayamba kukuwa asanaone bwino. Mkamwini wanga anayenda chammbali ngati nkhanu kuti asayang'anane ndi apongozi, anakasuzumira, anati zitatu. Ndiye kuti ine mzere wachiwiri sukanandithandiza. Pankafunika pakati, apo ayi nkhwangwa ya ku Dwambazi ikagona kwa telala, ine n'kukagona kumene ndikanapeza.

Anthu amandifunsa ngati ndinachita mantha. Ndimawauza kuti ayi, ndipo ndi zoona pang'ono. Mawondo ndiwo ankachita mantha, koma mawondo saponya. Ndinayang'ana kadontho kofiira, ndinaiwala telala, ndinaiwala anyamata. Amene sindinathe kuwaiwala ndi mayi aja anaima kumanzere kwanga atapinda manja. Ndinakweza, ndinatsegula dzanja, ndinaisiya ipite monga imadziwira.

Inatembenuka kamodzi. Jwa!

Inakhala pakati pa kadontho, kansalu ka chitenje kakulendewera kuseri. Sipanafunike woweruza. Anyamata omwe ankaimba nyimbo ya kondowole anaiyambanso, koma tsopano akuvina mondizungulira, ndipo ndinaona kuti nyimboyo ndi yabwino ndithu, kale lija ndinangoimvera kolakwika.

Msuweni wanga anabwera ndi kofiira kake atakagwira ndi manja awiri. "Mphatso yanu, asuweni. Koma dziwani kuti sindinaluze kwa inu. Ndaluza kwa chitenje."

"Ndinu telala, mukanabwera ndi chanu."

"Mwezi wamawa ndibwera ndi mpukutu wonse."

Ndinatembenuka kuti ndione nkhope ya akazi anga, koma anali atazula kale nkhwangwa yawo pathabwa, aiika m'beseni, akupita kokwerera minibasi. M'njira monse sanalankhule. Ine ndinalankhula m'malo mwawo. Ndinafotokozera kondakitala, ndinafotokozera mayi wonyamula nkhuku, ndinafotokozeranso kondakitala poti poyamba sanamvetsetse za mapazi.

Madzulo titadya, ndinatenga nkhwangwa yofiira ija ndinaigoneka pamphasa patsogolo pawo monga mlenje amaikira nyama. Ndinati onani, mayi, za ku Joni zalowa m'nyumba mwanu. Anaitenga, anaitembenuza, anayesa kukamwa kwake ndi chala. Kenaka anadzuka, anatenga ndi yawo ija, anapita kuseri kwa khitchini. Ndinawatsatira. Anazika yawo mu mgolo wa chinangwa monga mwa masiku onse. Atatero anazikamonso yofiirayo, phuu, mpaka thovu linakwera.

"Mayi! Imeneyo ndi ya m'sitolo, siviikidwa! Inunkha!"

Anapukuta manja pa chitenje chong'ambika chija, anandiyang'ana.

"Ada, inapambana ndi nkhwangwa yanga, ndiye yofiirayi ndi yanganso. Inu munangoperekeza. Chitenje mugula, ndipo akasoke asuweni anu omwewo. Za fungozo musadandaule, izolowera. Inunso nditangobwera pakhomo pano munkadya kondowole mutatseka mphuno, koma onani mbale mwasiya lero, ngati yatsukidwa kale."